Mwendo wa Nkhumba ndi Sitandi Ziwiri

Apolisi atafika kunyumba kwa Mainess ku Mtendere sanavutike n'kufufuza. Chimene ankafuna chinali poyera pakhonde, chitanyamula matewera a mwana. Linali thabwa lotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, mbali ina kuli kamtengo koimirira kokhala ndi mphete yachitsulo, mbali inayo kuli msomali wosongoka. Mainess ankayanikapo matewera a Virginia, chifukwa masiku amenewo ukayanika chovala pachingwe chapanja n'kulowa m'nyumba, unkapeza chingwe chokha, mwina osachipeza n'komwe.

Wapolisi wamkazi, Konsitabo Nsama, anachotsa matewerawo limodzilimodzi n'kuwapereka kwa mwiniwake mwaulemu, kenako anakolekera thabwalo m'khwapa. Mnzake wamwamuna anagwira Enos, mwamuna wa Mainess, palamba wa buluku. Mlandu unali wakuba mwendo wa nkhumba.

Enos anali wophika pabala ya ba Mukupa, kumapeto kwa komboni, mbali yoyang'ana kunyumba za anthu olemera. Chinali chaka cha makuponi a ufa, chaka cha mizere ya buledi ndi saladi, mafuta ophikira aja, ndipo anthu a m'komboni anali atasiya mowa wa m'mabotolo. Ba Mukupa anaona kuti akafuna kupulumuka ayenera kukopa a ku Kabulonga, amene matumba awo anali asanabooke. Ndiye anakatenga kwa mzungu wina wapafamu ku Chisamba mwendo wathunthu wa nkhumba, wothira mchere, woumitsidwa miyezi yambirimbiri. Nyama imeneyo saphika ayi. Amaiimika pasitandi n'kumacheka tizidutswa topyapyala ngati tsamba la anyezi. Tsopano mwendowo unali utasowa m'sitolo yokhoma, makiyi anali ndi Enos, ndipo sitandi inapezeka pakhonde pake. Kwa apolisi nkhani inathera pomwepo. Anati Lolemba akaonekera kukhoti.

Mainess sanalire. Anabereka Virginia, anamanga chitenge, n'kulondola apolisiwo chapansi, popeza galimoto yawo inalibe mafuta.

*

Anamulola kulankhula ndi mwamuna wake pakazenera ka selo. Enos anali munthu wofatsa, wokonda ntchito yake kuposa mmene ntchitoyo inkamukondera, ndipo ngakhale ali m'selo anayamba nkhani yake kutali. Anati sitandi zinali ziwiri. Yoyamba, ija ya matewera, ba Fanwell, kalipentala wa ku Kalingalinga, anaipanga ndi paini, yosalala bwino, ya vanishi. Koma atangoikapo mwendo n'kukankha mpeni, sitandi inatsetsereka patebulo ngati sopo, mpeni n'kumudutsa pafupi ndi mimba. Ba Mukupa anati aitaye, iye n'kubwera nayo kunyumba. Yachiwiri ndiyo inali sitandi yeniyeni.

"Sitandi, amake Virginia, suona kukongola," anatero atagwira zitsulo za pazenera. "Uona kulema. Ikhale ya mukwa, mtengo wolemera uja, pansi akhomepo mphira wa tayala kuti isayende. Mphete igwire pamwamba pa chiboda, bawuti ilume. Ukagwedeza mwendo, tebulo ndiyo igwedezeke."

Mainess anamudula. Anati sanabwere kudzaphunzira ukalipentala, anabwera kudzamva kuti makiyi ena ali ndi yani. Enos anati ena ali ndi ba Mukupa, koma iwowo anali kumaliro ku Kabwe pamene mwendo unkasowa, ndipo anasiya bala m'manja mwa mlamu wawo, Benard, mlongo wa akazi awo. Benard ndiye anauza apolisi kuti anaonapo Enos akutuluka ndi sitandi.

"Nanga sitandi ya mukwa ili kuti?"

"Kaya. Sananilole kulowa m'sitolo. Nangofika pakhomo, Benard wayamba kukuwa kuti nyama kulibe."

*

Pabala anapeza Maggie akukolopa. Maggie ankaperekera mowa pamenepo kuyambira bala isanakhale ndi denga la malata, ndipo pakamwa pake panalibe chitseko. Anati Benard watuluka, wapita kukaonetsa nsapato zake m'tauni, pakuti ntchito ina imene ankaidziwa inalibe. Mainess atapempha kuona m'sitolo, Maggie anati chitseko chili pululu kuyambira tsiku lomwe lija, chifukwa chokhomera chinatha: munangotsala matumba a makala ndi fungo.

Sitandi ya mukwa inali patebulo pomwe. Mainess anaikankha ndi dzanja limodzi, osasuntha. Anaikankha ndi manja awiri, tebulo linalira. Koma chimene chinamuimitsa chinali m'mphete. Chiboda cha nkhumba chinali chikadali momwemo, bawuti itachiluma zolimba, ndipo m'munsi mwake fupa linali lodulidwa mokhadzula, zibenthu zili mbwee patebulo. Pamtengo wa mukwa panali zipsera zitatu kapena zinayi za chikwanje chimene chinaphonya.

Anafunsa Maggie kuti Enos ankachotsa bwanji mwendowo akafuna kuutembenuza. Maggie anakankha chitseko n'kumuonetsa kuseri kwake. Pamsomali panali sipanala. Bawutiyo ba Fanwell anaizula pampando wa basi yakufa, inali youma, ndi zala sinkatheka. Enos ankaimasula ndi sipanalayo m'mawa uliwonse.

Munthu wodziwa pamene pali sipanala satenga chikwanje. Mainess anaisunga mumtima mfundo imeneyo.

Akutuluka anakumana ndi Benard pakhomo. Anali mnyamata wosalala, wa malaya oyera, nsapato zonyezimira ngakhale kunja kunali fumbi lokhalokha. Dzanja lake lamanzere linali m'bandeji kuyambira pachala chachikulu kufika pamkono. Anamupepesa Mainess ndi mawu ofewa, nati njala ya chaka chino ikusandutsa anthu abwino kukhala akuba, ndipo iye sakusunga mangawa ndi Enos. Mainess anathokoza, n'kufunsa za dzanjalo. Benard anati botolo la mowa linamuphulikira Loweruka, pamene bala inadzaza.

Atangolowa m'kati, Maggie anafinya chikolopa n'kulankhulira m'ndowa.

"Botolo? Pano? Amake Virginia, botolo yopanda mowa masiku ano ni golide, ku depoti sibakupasa mowa ngati ulibe. Ikasweka imodzi, ba Mukupa bamachita maliro. Ine nipyanga pano daily, tsache ili m'manja. Sininaone galasi olo kamodzi."

*

Konsitabo Nsama anamvetsera zonse akudya chinangwa chootcha patebulo lake. Sanali munthu woipa, anali wotopa. Anati chibodacho akachitenga, ndipo anakachitengadi masana omwewo, koma chiboda si mboni. Enos akanatha kuchisiya dala kuti anthu aganize mmene Mainess akuganizira. Za dzanja anati theka la amuna a ku Mtendere ali ndi mabandeji, sangawamange onse. Za makiyi anati anafunsa kale: akazi a ba Mukupa analumbira kuti makiyi a amuna awo anali m'chikwama chawo, ndipo mlongo wawo Benard ndi mwana wa tchalitchi.

"Nibweretsereni chinthu chamene ningaike patebulo ya bwana wanga, mayi. Osati maganizo. Apo ayi, Monday ni khoti, ndipo kuchoka kukhoti ni ku rimandi. Muziba mweka kuti kuja munthu samabwela mwamsanga."

Mainess ankadziwa. Ankadziwanso kuti ba Mukupa sangasunge malo a wophika amene ali kundende, ndipo chipinda chimene iye ndi Enos ankakhala chinali cha lendi. Sukulu anaisiyira pakati atatenga mimba ya Virginia, ndipo mavitumbuwa amene ankagulitsa pamsewu sakanadyetsa anthu awiri opanda malipiro a Enos.

Panjira anadzifunsa funso limodzi lokha: munthu amene waba mwendo wotere amautani? Kuphika sungaphike, mchere wake ungakuwaule kukhosi. Kugulitsa pamsika sungagulitse, amayi angakuseke kuti nyama yachita nkhungu. Ogula ndi okhawo amene amaidziwa, ndipo amenewo amafuna tizidutswa topyapyala. Ndiye wakubayo ayenera kucheka. Akacheka alibe sitandi, agwira mwendo ndi dzanja lamanzere, mpeni kudzanja lamanja, nyama yolimba, yamafuta, yoterera.

Anaima pakati pa msewu mpaka minibasi inamuimbira hutala. Kenako anakhotera ku Kalingalinga.

*

Akalipentala a ku Kalingalinga amagwirira ntchito m'mbali mwa msewu, mabedi ndi makabati zili ndandanda pafumbi, kudikira ogula amene chaka chimenecho ankangofunsa mtengo n'kupita. Ba Fanwell anali mdala wa ku Katete, wolankhula Chichewa chakumudzi pang'onopang'ono ngati akupala thabwa. Anamva chisoni ndi za Enos. Anati sitandi yoyamba ija inali manyazi ake, anaipanga asanaone mwendowo ndi maso, ankaganiza kuti ndi chokongoletsera patebulo.

Mainess anafunsa mmene anadziwira kutalika kwake, popeza mwendowo sunafike ku Kalingalinga. Mdalayo analoza pakhoma la shedi yake. Pamisomali panali zingwe zambirimbiri, chilichonse chili ndi mfundo zake. Anati iye za mapepala ndi manambala a anthu sazikhulupirira, chifukwa munthu amakuuza mainchesi pamene wayeza ndi masentimita, bedi n'kukanika kulowa pakhomo. Aliyense wofuna chinthu amamutuma kuti akayeze ndi chingwe, amange mfundo poyambira ndi pothera. Akalipentala onse a mzerewo anatengera iye. Anatsitsa chingwe chimodzi cha saka, chakuda ndi mafuta.

"Ichi ndi cha amuna anu. Mfundo iyi ndi kunsonga kwa chiboda, iyi ndi kuthako."

"Nanga palibe wina wabwera kufuna sitandi ngati imeneyi?"

Ba Fanwell anakanda m'mutu ndi pensulo. Anati kwa iye sikunabwere munthu. Koma zachilendo n'zakuti dzana Kasoma, mnyamata wa shedi yakumapeto, anabwera kudzamufunsa mmene amapindira mphete ndi kumene angapeze bawuti yaikulu. Iye anadabwa kuti kodi anthu a mu Lusaka ayamba liti kudya miyendo ya nkhumba youma, pamene ufa womwe ukusowa.

Kasoma anali wa ku Kitwe, wothamanga pakamwa, wosakaniza Chinyanja ndi Chibemba. Poyamba anakana kuulula za kasitomala wake, koma ba Fanwell atamuyang'ana anafewa. Anati kunabwera bambo wina wotchena, dzina anati ndi Chileshe, dzanja lili m'bandeji. Anafotokoza chinthu chimene ankafuna ndi manja m'malere. Kasoma anamutuma chingwe monga mwa mwambo, bamboyo n'kubwera nacho m'mawa mwake. Sitandi adzaitenga Loweruka.

"Chingwe chili kuti?"

"Nachiika mu chitini, mayo. Nyerere zinanivuta maningi, zenze kukwela nacho pa chipupa."

Anatsegula chitini cha mkaka wa ufa. Chingwecho chinali chonyowa ndi mafuta, mchere uli waa, ndipo fungo lake linali lomwe lija la m'sitolo ya ba Mukupa. Mainess anachiyala pabenchi pambali pa cha Enos, mfundo yoyamba pa mfundo yoyamba. Cha Kasoma chinaperewera. Anayeza mpatawo ndi chikhatho chake, n'kukumbukira chimene chinatsala m'mphete.

*

Loweruka Konsitabo Nsama anabwera kushedi ya Kasoma atavala chitenge ndi duku, atanyamula chikwama cha saka ngati mayi wochokera kumsika. M'chikwamamo munali sitandi ya paini ndi chiboda chokulunga m'nyuzipepala. Anati wabwera chifukwa chingwe ndi chinthu choika patebulo, koma akangokhala pachabe mpaka dzuwa kupendeka, Mainess asadzamuonenso pakhomo la ofesi yake. Anakhala pampando wogulitsa n'kuyamba kutsutsana mtengo wa kabati ndi ba Fanwell. Mainess anakhala kuseri kwa wadiropu, akuyamwitsa Virginia kuti asalire.

Kasoma anaika sitandi ziwiri pabenchi: ya paini ija, ataipukuta mpaka kuwala, ndi yake yatsopano, ya mukwa, yosapaka kanthu, yooneka ngati chipika. Anthu odutsa ankaima n'kufunsa kuti n'chiyani chimenechi. Wina anati n'chokonzera nsapato. Mayi wina anati n'chopalira kokonati cha amwenye. Wina anafuna kugula ya painiyo kuti aziikapo wailesi. Onse amene anagwira anagwira yowalayo.

Nsapato zonyezimira zinafika dzuwa lili pamutu. Mainess anaziona pansi pa wadiropu asanaone mwiniwake.

Kasoma anachita monga anapangana. Anati ya mukwa sinathe bwino, koma pali iyi yokongola, ya vanishi, angathe kutenga lero lomwe. Benard sanayang'ane vanishiyo n'komwe. Anaika dzanja lamanja pasitandi ya paini n'kuikankha pang'ono. Inatsetsereka mpaka kumapeto kwa benchi.

"Iyi iyayi, boyi. Iyi ingakuphe. Ilibe mphira pansi, ilibe kulema." Anakankha ya mukwa, osasuntha, n'kugwedeza mutu mokhutira. Kenako analowetsa zala m'mphete. "Koma mphete wachepetsa. Ninakuuza kuti ikhale yaikulu. Fupa ni yonenepa kumapeto, kulibe chiboda."

"Chiboda chinayenda kuti, ba Benard?" anafunsa Konsitabo Nsama ali chikhalire pampando.

Benard anatembenuka. Anazindikira nkhope ya pansi pa dukuyo, kenako anaona Mainess akutuluka kuseri kwa wadiropu akukonza bulauzi. Sanathawe, nsapato zimenezo sizinali zothawira. Anaseka pang'ono n'kunena kuti palibe chobisa apa. Mlamu wake akufuna kuitanitsa mwendo wina ku Chisamba, ndiye iye anaganiza zokonzeratu sitandi yachiwiri. Dzina la Chileshe anangotchula kuti akalipentala asamukwezere mtengo pomva kuti ndi wa kubala.

Mainess sanatsutsane naye. Anayala chingwe cha Enos pabenchi. Anatulutsa cha m'chitini n'kuchiyala pambali pake. Kenako anapempha konsitabo nyuzipepala ija, anamasula, n'kuika chiboda pamene chingwe chachifupi chinathera. Nsonga ya chiboda inafika ndendende pamfundo ya Enos.

"Mwendo umene sunabwere munauyeza bwanji, ba Benard?" anatero. "Ndipo unakhala bwanji wofupika ndi chiboda chomwechi?"

Nyerere zinali zitayamba kale kukwera mwendo wa benchi. Akalipentala a mzere wonse anali atasiya macheka awo. Benard anayang'ana chingwe, anayang'ana bandeji yake, n'kupempha konsitabo kuti akakambirane pambali, chifukwa nkhani za pabanja sizikambidwa pamsewu. Nsama anati akakambirana ali m'njira, ndipo njira yake ndi yopita kumene kuli nyamayo.

*

Mwendowo unapezeka m'chipinda cha mnzake wina wa Benard ku Kalingalinga komweko, pansi pa bedi, m'thumba la ufa. Makiyi anawatenga m'chikwama cha mlongo wake mayiyo akusamba, n'kuwabwezeramo asanatuluke m'bafa. Anali atalonjeza anthu awiri a ku Kabulonga tizidutswa ta paphwando, koma zimene anacheka zinali zigamphu zonenepa ngati sopo wochapira, ndipo anamubwezera.

Ba Mukupa anafika kupolisi mdima usanagwe, atavala jekete lomwe anapita nalo kumaliro. Za mlamu wawo sanalankhule zambiri. Anangouza Enos, osamuyang'ana m'maso, kuti mawa abwere m'mawa chifukwa makala alipo koma wophika palibe.

Enos anatuluka m'selo atagwira buluku ndi dzanja, lamba asanamubwezere. Mainess anamupatsa mwana kuti amunyamule. Koma maso a Enos anali patebulo la konsitabo, pamene mwendo uja unagonekedwa pathumba lake, wopanda chiboda, wogobedwagobedwa mbali zonse. Anayandikira, anaugwira ndi chala chimodzi, nkhope n'kugwa.

"Onani mwamene anachitira, amake Virginia. Anayambira kuthako. Anatema monga nkhuni."

"Atate ake Virginia, mwagona pasimenti, nsabwe zili m'malaya, ndipo mukulira maliro a nkhumba?"

Konsitabo Nsama anaseka koyamba chiyambire nkhaniyi. Anafunsa ngati pali china chimene akufuna asanatseke ofesi. Mainess anati chilipo. Analoza pakona pamene panali sitandi ya paini. Nsama anati aitenge, si umboni wa kanthu tsopano.

Anaikolekera m'khwapa n'kutsogola. Kunyumba matewera anali akadali m'beseni, onyowa.